Mphaka Akakwera Pabedi: Mafunso Anu, Mayankho Athu

Makalata a mwezi uno onse akukhudza mphaka wogona pabedi limodzi ndi eni ake. Ena tawafupikitsa kuti malo akwanire. Oyankha ndi odziwa za umoyo wa ziweto ndi wa anthu.

Funso: Ndili ndi mphaka wamkazi wa zaka ziwiri amene ndinamutenga kuti azigwira makoswe mosungira chimanga. Chiyambireni kuzizira wayamba kulowa m'masikito n'kumagona kumiyendo kwanga. Ine sizindivuta, koma bambo a kunyumba akuti atibweretsera matenda. Akulondola ndani?
Mayi wa ku Dedza

Yankho: Mayi, musawanyoze bambowo, mantha awo ali ndi maziko. Kungoti chodwalitsa munthu ndi zimene mphakayo wanyamula kumene wachokera, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake.

Thupi la mphaka limatentha kuposa lathu, madigiri 38 mpaka 39, ndipo amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku. Ntchito yake yaikulu masana ndi usiku ndi kusaka pofunda: paphulusa la kukhitchini, pathumba la chimanga, pakhonde dzuwa likangotuluka. M'mwezi wa Juni ku Dedza palibe pofunda poposa kumiyendo kwa munthu wofunda bulangete. Komanso mphaka sagona tulo tofa nato pafupi ndi munthu amene amamuopa, ndiye dziwani kuti wakuzolowerani.

Mwina mwaonapo pa Facebook anthu a ku Ulaya atakumbatira amphaka awo m'zofunda. Ambiri mwa amphakawo amadya za m'chitini, ali ndi khadi la katemera, ndipo ena sanapondepo n'kunja komwe. Wanuyo ndi wantchito. Usiku wadya khoswe ndi matumbo omwe, wadutsa kudzala, walimbana ndi amphaka a eni, kenako wabwera kudzapinda miyendo pa zofunda zanu. Mphaka wotere asanaloledwe pabedi abayidwe katemera wa chiwewe, koyamba ali ndi miyezi 3, kenako chaka chilichonse. Azithiridwa mankhwala a nthata mwezi ndi mwezi. Azimwa mankhwala a njoka za m'mimba pa miyezi 3 iliyonse, ndipo mlenje weniweni ngati ameneyu alangizi a ziweto akhoza kukuuzani kuti azimwa pafupipafupi kuposa pamenepo. Mlingo umatsata kulemera kwake, choncho kwerani pasikelo mutamunyamula, kweraninso nokha, muchotsere. Mankhwalawo akhale ndi praziquantel, yemwe amapha njoka zaphanthi zochokera ku makoswe ndi ku nthata. Dzinali mwina mukulidziwa chifukwa ndi lomwelo la mankhwala a likodzo, koma musabenthule piritsi la anthu n'kumupatsa; gulani la ziweto.

Chimene chatidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi masikito. Mphaka polowa amasolola neti pansi pa matiresi, potuluka amasololanso, ndipo sabwezera. Nthawi imene iye amadzuka kukasaka, pakati pa usiku ndi m'bandakucha, ndi nthawi yomweyo imene udzudzu wa malungo uli pakalikiliki. Zikhadabo zake nazo zimaboola neti, ndipo kabowo kolowa chala n'kokwanira udzudzu. M'nyumba zathu zino malungo ndi oopsa kuposa matenda onse a mphaka kuwaphatikiza pamodzi. Ndiye malangizo athu ndi akuti agone m'chipinda momwemo ngati mukufuna, koma kunja kwa masikito, pampando kapena m'katoni ya pafupi ndi bedi. Mawa lomwe tambasulani netiyo powala, musoke mabowo onse ndi ulusi, ndipo usiku muziipisa pansi pa matiresi mbali zonse zinayi.

Funso: Tikumadzuka ndi tizilonda toyabwa m'miyendo. Ndinathira Doom m'chipinda koma sizinasinthe. Mnzanga akuti ndimuwaze mphakayo ufa wa Actellic umene timathira m'chimanga. Kodi zingathandize?
Bambo wa ku Mchinji

Yankho: Bambo, ufawo usakhudze mphaka ngakhale pang'ono. Actellic Super ili ndi permethrin, mankhwala amene chiwindi cha mphaka chimalephera kuwasungunula, kuphatikizapo poizoni wina wa mtundu wopha tizilombo m'munda. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndiye zonse zimene mwamuwaza zimathera m'mimba. Pakapita maola ochepa amayamba kuchucha dovu, kunjenjemera, kudzandira, kenako kukomoka ngati wakhunyu, ndipo ambiri sapulumuka. N'chimodzimodzi dibi ya ng'ombe, Doom, ndi mankhwala a nthata olembedwa kuti ndi a agalu, chifukwa ambiri a iwo ali ndi permethrin yemweyo kapena poizoni wina woopsa kwa mphaka. Ngati ngozi yotere yachitika kale, musambitseni msanga ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mumupukute, mumufunditse nsalu, muthamange naye kwa dokotala wa ziweto. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira akunjenjemera, angatsamwe.

Tsopano tsimikizani kaye kuti ndi nthata. Muimike mphakayo pa pepala loyera lonyowa, mumupese ndi chipeso cha mano othinana, makamaka pakhosi ndi pamsana pafupi ndi mchira. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wopera tikugwera papepala n'kumasungunuka mofiirira, ndi chimbudzi cha nthata, ndipo kufiirako ndi magazi. Mukapanda kuona kanthu, fufuzani m'misoko ya matiresi ndi m'malumikizano a matabwa a bedi. Kumeneko kumabisala nsikidzi, ndipo nsikidzi sizibwera ndi mphaka.

Chifukwa chimene Doom sanakuthandizeni n'chakuti nthata zimene mumaziona zikudumpha ndi kagawo kochepa chabe, pafupifupi 5 pa 100 zilizonse. Zotsalazo ndi mazira, timphutsi ndi tizikwa, zimene zili m'bulangete, m'ming'alu ya pansi ndi kunsi kwa bedi. Nthata yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 40 kapena 50 pa tsiku, ndipo mazirawo samata paubweya, amayoyokera paliponse pamene mphaka wagona. Tizikwato timatha kudikira miyezi osaswa, ndipo mankhwala opopera satilowa. N'chifukwa chake nkhondo ya nthata ndi ya miyezi 3 yosadukiza.

Gulani mankhwala odontheza pakhosi olembedwa kuti ndi a amphaka, monga okhala ndi fipronil kapena imidacloprid. Patulani ubweya kumbuyo kwa khosi, pamene lilime lake silifika, mpaka khungu lioneke, ndipo mufinyire onse pakhungupo. Ambiri amalakwitsa pothira paubweya, n'kumati mankhwala ndi abodza. Musamusambitse kwa masiku awiri, ndipo tsiku lothiralo asagone ndi munthu mpaka pamalopo pataumiratu. Bwerezani mwezi uliwonse, ndipo galu wa pakhomo naye alandire ake tsiku lomwelo, apo ayi azingopatsirana. Kamphaka kosakwana masabata 8 kapena kilogalamu imodzi musakathire. Muzikapesa tsiku ndi tsiku n'kumaponya nthatazo m'madzi a sopo.

Zofunda zonse zichapidwe ndi madzi otentha kwambiri sabata iliyonse, matiresi aziyanikidwa padzuwa tsiku lathunthu, ndipo muzisesa kunsi kwa bedi n'kutentha zinyalalazo. Ngati pansi ndi padothi, zirani kuti ming'alu itsekeke. Mukaona tinthu toyera ngati mpunga pamene mphaka wagona kapena pansi pa mchira wake, ndi zidutswa za njoka za m'mimba zimene anatenga atameza nthata, ndipo mwana wokwawa naye akhoza kuzitenga atameza nthata mwangozi. Nthata za makoswe tisazipeputse: ndi zimene zimafalitsa mliri wa makoswe, womwe unabuka ku Nsanje mu 2002, ndipo mphaka wogwira makoswe akhoza kuzibweretsa m'nyumba.

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi 5. Apongozi anga akuti mphaka amapititsa padera, ndiponso amayamwa mpweya wa khanda. Ndimutaye?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Musamutaye, mayi, koma mawu a apongozi anu muli choona chimene muyenera kuchimvetsa bwino.

Pali matenda otchedwa toxoplasmosis. Mayi akawatenga koyamba ali woyembekezera, pathupi pakhoza kuchoka, kapena mwana akhoza kubadwa ndi vuto la maso kapena la ubongo. Mphaka amawatenga podya makoswe, mbalame ndi nyama yaiwisi, ndipo amatulutsa mazira a tizilomboto m'chimbudzi chake kwa sabata imodzi mpaka atatu okha atangowatenga koyamba. Mazirawo sakhala oopsa nthawi yomweyo. Amatenga tsiku limodzi mpaka 5 kuti akhwime. Choncho kumusisita mphaka kapena kugona naye pafupi si njira imene anthu amatengera matendawa kawirikawiri. Njira zake zenizeni ndi dothi la m'dimba ndi mchenga momwe amphaka amakwirira chimbudzi, masamba ndi tomato zosatsuka bwino, madzi osatetezedwa, ndi nyama yosapsa mkati, monga kanyenya wofiira pakati. Mchenga wa m'beseni lochitiramo chimbudzi mphaka uzitayidwa tsiku lililonse, ndipo wotaya akhale wina, osati inu. Mukagwira dothi sambani ndi sopo musanadye. Nyama ipse mpaka madzi ofiira atheretu.

Za kuyamwa mpweya, mphaka sachita zimenezo. Chimene amachita n'kufunafuna pofunda, ndipo khanda ndi lofunda, limanunkhiranso mkaka. Mphaka wamkulu amalemera makilogalamu 3 mpaka 5, pamene mwana wongobadwa amalemera pafupifupi 3. Nyama yolemera kuposa mwanayo ikagona mogundana ndi nkhope yake, khanda silingathe kutembenuza mutu kapena kuikankha. Pamenepa sitinyengerera: mphaka asagone malo amodzi ndi mwana wosakwana chaka, usiku kapena masana, ndipo ngakhale kwa mwana wosakwana zaka 5 ndi bwino kupewa. Masikito si chitetezo, chifukwa mphaka amatha kugona pamwamba pa neti n'kuibonyeza mpaka kumaso kwa mwana. Chitetezo ndi chitseko chotseka.

Popeza mwanayo adzagona ndi inu, yambani lero kumuzoloweza mphakayo kugona kwina. Mukadikira tsiku lobwera kuchipatala, adzalira pakhomo usiku wonse pa nthawi imene inu mukufuna tulo kwambiri.

Funso: Agogo amati ukameza ubweya wa mphaka umadwala TB. Mwana wanga wa zaka 9 amagona ndi mphaka ndipo amatsokomola usiku, m'chifuwa mukulira ngati wezulo.
Bambo wa ku Mzuzu

Yankho: TB imafala mumpweya munthu wodwala akatsokomola, ubweya ulibe nayo gawo. Koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi mphumu, ndipo pamenepo mphaka akhoza kukhudzidwa. Chimene chimavuta anthu ena chili m'malovu ndi m'mafuta a pakhungu la mphaka. Akadzinyambita, malovuwo amauma n'kusanduka fumbi losaoneka limene limakhazikika pa pilo, ndipo mwana amalipuma maola 8 usiku uliwonse. Kumumeta mphaka sikuthandiza.

Mutulutseni m'chipinda cha mwanayo kotheratu, ngakhale masana. Chapani zofunda, sinthani pilo, kolopani pansi ndi makoma m'malo mosesa mouma. Musagamule patangotha sabata, chifukwa fumbilo limatenga miyezi kuti lithe m'chipinda. Onaninso zina zimene zimabwera ndi chisanu cha ku Mzuzu: mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ndi mabulangete otuluka m'sutikesi ali ndi fumbi ndi nkhungu. Mwanayo apite kuchipatala sabata ino akamupime. Ngati chifuwa chapitirira masabata awiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda, pemphani kuti ayezedwe TB; kuzipatala za boma kuyeza n'kwaulere. Akayamba kubanika mpaka kulephera kumaliza mawu, musadikire kucha.

Funso: Mphaka wathu anandiluma chala chakuphazi usiku nditatembenuka. Bala lake ndi laling'ono ngati la singano. Sanabayidwepo katemera. Ndikufunika kupita kuchipatala?
Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Inde, achemwali, lero lomwe. Chiwewe timachidziwa ngati matenda a agalu, koma mphaka woyenda usiku amachitenga akalumidwa ndi galu kapena nyama ina yodwala, ndipo amapatsira munthu pomuluma, ngakhalenso pomukala kapena kunyambita pachilonda. Zizindikiro zikangoyamba mwa munthu palibenso mankhwala, pamene katemera wolandira msanga amateteza ndithu.

Choyamba pa bala lililonse la mphaka ndi kulitsuka ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, mukuyang'ana wotchi. Musapakepo mchere, phulusa kapena zitsamba, ndipo musalimange mothina. Kuchipatala nenani kuti mphakayo alibe katemera. Adzaona za jakisoni wa chiwewe ndi wa kafumbata, ndipo mukayamba mumalize onse pa masiku amene akulemberani. Mphakayo musamuphe kapena kumuthamangitsa. Mutsekereni pabwino, muzimupatsa chakudya, ndipo adziwe alangizi a ziweto kuti aonedwe kwa masiku 10. Akakhala bwinobwino masiku onsewo, sanali wopatsira chiwewe pa tsiku lolumalo. Akafa, akasowa, kapena akasintha khalidwe, bwererani kuchipatala mukanene.

Kuchepa kwa balalo kusakunyengeni. Mano a mphaka ndi osongoka, amalowetsa tizilombo mkati, pamwamba n'kutsekeka msanga, ndipo pasanathe tsiku chala chikhoza kutupa, kufiira ndi kuwawa koopsa, makamaka padzanja kapena polumikizana mafupa. Zikatero pafunika mankhwala a kuchipatala.

Nthawi zambiri kuluma kotereku ndi masewera: phazi loyenda pansi pa bulangete kwa iye ndi khoswe. Lekani kusewera naye ndi zala. Gwiritsani chingwe chomangirira nthenga. Masiku 10 akatha, kamubayitseni. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, ku Blantyre kuli la BSPCA, ndipo m'maboma onse muli ofesi ya za ziweto. Mukamva kuti kudera kwanu akutemera agalu, funsani za mphaka wanu, ndipo mumunyamule m'dengu lotseka kapena m'katoni yobooledwa, osati m'manja pakati pa agalu.

Funso: Tinatola kamphaka kumsika, ana akhala akugona nako. Pano awiri atuluka zipere, wina pamkono, wina m'mutu.
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Tiamphaka tating'ono totola ndi timene timanyamula zipere kwambiri. Kayang'aneni kumakutu, kumaso ndi kumapazi ngati kali ndi malo ososoka ubweya okhala ndi mamba ngati phulusa, ngakhale kena kamapatsira kopanda chizindikiro. Komabe musakaweruze kokha, chifukwa zipere za m'mutu ana amapatsirananso kusukulu, pachipeso ndi pamakina ometera.

Chipere cha pamkono chimamva mankhwala opaka monga clotrimazole, kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4, kupaka mpaka kunja pang'ono kwa mkombero wake, ndipo osasiya chikangozilala. Cha m'mutu opaka okha sachithetsa chifukwa tizilomboto tili mkati mwa tsitsi. Pafunika akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 kapena kuposa, olembedwa kuchipatala. Pewani mafuta oyeretsa khungu ndi ena okhala ndi betamethasone, amaziziritsa kuyabwa koma chipere chimakula mobisa. Kamphakako kaonedwe ndi dokotala wa ziweto, kagone m'chipinda chosavuta kukolopa kufikira katachira, ndipo zofunda, matawulo ndi zipewa za ana zichapidwe ndi madzi otentha, poti tizilomboto timakhala paubweya wothothoka kupitirira chaka. Ndipo pamene tikukamba za mankhwala: Panado ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa.

Funso: Ndimamwa ma ARV, ndimakhala ndekha, ndipo mphaka ndiye mnzanga. Ndimusiye?
Wowerenga wa ku Mangochi

Yankho: Ayi, khalani naye. Ngati mukumwa mankhwala mwandondomeko ndi Bactrim wanu, yemwe amatetezanso ku toxoplasmosis, ndipo mphakayo ndi wamkulu, wotemera ndi wopanda nthata, akhoza kugona kumiyendo kwanu kunja kwa masikito. Chenjerani ndi tiamphaka tosakwana chaka, chifukwa timakala kwambiri ndipo m'zikhadabo mwawo mumakhala chimbudzi cha nthata chonyamula tizilombo totupitsa mwanabele m'khwapa kapena m'khosi patatha sabata imodzi mpaka atatu. Asamanyambite zilonda kapena nkhope yanu. Ngati mwangoyamba kumene mankhwala, kapena akuuzani kuti chitetezo chatsika kwambiri, agone kaye kunja kwa chipinda, ndipo auzeni a kuchipatala kuti muli ndi mphaka.

Funso: Ndatopa. Amandidzutsa 4 koloko m'mawa tsiku lililonse, ndikamutsekera kunja amakala chitseko mpaka ndimutsegulire. Dzana wakodza pabulangete.
Bambo wa ku Kasungu

Yankho: Tiyambe ndi mkodzowo, bambo, chifukwa mwina ndi matenda. Ngati akukhala pansi pafupipafupi n'kumangodontheza pang'ono, akulira pokodza, kapena mkodzo uli ndi magazi, chikhodzodzo chatupa. Wamwamuna akamadzikakamiza osatuluka kanthu, njira yatsekeka ndipo akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Ameneyo ndi wothamanga naye. Ngati ali bwino koma ndi wosafula, akuika chizindikiro cha malire ake, ndipo kufula, komwe kumachitika kuyambira miyezi 4 mpaka 6, kumachepetsa kwambiri khalidweli pamodzi ndi kuyendayenda ndi ndewu. Nthawi zinanso n'kungoti mwamutsekera m'nyumba yopanda pokodzera. Muikireni beseni lotambalala la mchenga wakuya masentimita 5, pakona yopanda phokoso, kutali ndi mbale yake, ndipo muzichotsa zonyansa tsiku lililonse. Bulangetelo lisukuluzeni kaye ndi madzi ozizira, kenako mulichape ndi sopo waufa n'kuyanika padzuwa. Musathire Jik pamkodzo, fungo lake limamukopa kuti abwererenso pomwepo. Kumumenya kapena kumukhudzitsa mphuno pamkodzo kumangomuwonjezera mantha, ndipo mphaka wamantha amakodza paliponse.

Za 4 kolokozo, mphaka mwachibadwa amasaka madzulo ndi m'bandakucha. Mukadzuka n'kumupatsa usipa kapena kumutsegulira, mwamuphunzitsa kuti kukala chitseko kumalipira. Sinthani ndondomeko motere. Musanagone sewerani naye ndi chingwe kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka awefuke, kenako mumupatse chakudya chake chachikulu cha tsikulo, chifukwa mphaka akasaka n'kudya amadzinyambita n'kugona. M'mawa musamupatse kanthu mutangodzuka. Sambani kaye, kuti asagwirizanitse kudzuka kwanu ndi mbale.

Mukonzereni pogona popambana pabedi lanu: katoni yokwanira thupi lake atadzipinda, mbali zake zazitali, muikemo malaya anu akale osachapa kuti muzimveka fungo lanu, ndipo muiike pamwamba, pampando kapena pakabati, kutali ndi mphepo ya pansi pa chitseko. Kukazizira kwambiri ikanimo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Kenako tsekani chitseko ndipo musayankhe, ngakhale kumukalipira, poti kwa iye kukalipako ndi yankho. Masiku atatu kapena anayi oyamba phokoso lidzakula kuposa kale, ndipo ambiri amagonja pomwepa. Mukatsegula pa usiku wachinayi, waphunzira kuti ayenera kulira nthawi yaitali. Khomani kachidutswa ka katoni kapena ka mphasa kumunsi kwa chitseko kuti chisawonongeke, onse a m'nyumba agwirizane chimodzi, ndipo mumupatse sabata imodzi kapena awiri.